Mpaka M'khwapa

Tsiku loyamba madala aja sanakumbe dzenje ngakhale limodzi. Anafika dzuwa litapendeka, chitsulo chachitali atachimangirira pa felemu ya njinga, mdzukulu wawo ali pa kaliyala, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kumene ndinkafuna chisakasa chophikiramo. Munali mu Okutobala, kuno ku Lilongwe, nyengo imene katondo amauma gwa ngati njerwa yootcha. Anaponda pansi ndi chidendene, kenako anagwetsapo chitsulo chija. Chinangolira n'kudumpha.

"Achimwene, nthaka iyi lero yakana. Madzi alipo?"

Ine ndinali nditagula zonse: mapolo 6 a bulugama, lililonse lotalika mamita 3, thumba la simenti la makilogalamu 50, malata, misomali ndi waya. Mumtima ndinkati pofika madzulo mitengo ikhala itaima. Pamalo omwewo panaimapo chisakasa china chimene ndinamanga ndekha ndi mnyamata waganyu, ndipo chinaona madzinja awiri okha. Lachitatu lisanafike chinali chitaweramira kumpanda wa aneba ngati munthu womvetsera miseche. N'chifukwa chake ulendo uno ndinafunsira bambo amene anthu a m'dera lathu amati anakulira kumanga zigafa za fodya m'maesiteti a ku Kasungu.

Madziwo sanawathire msanga. Anayamba ndi chingwe. Chisakasacho chinali choti chikhale mamita 4 mulitali ndi mamita 3 mulifupi, ndipo ndinkadikira kuti akhoma chikhomo pangodya iliyonse monga ndinachitira ine. Iwo anakhoma ziwiriziwiri, kunja kwa ngodyayo, kotero kuti atamanga zingwe, zinkapingasana m'mwamba mwa malo amene pakhale dzenje. Nditafunsa, anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene nsima imafunira ndiwo.

"Chikhomo mukachikhoma pakati pa dzenje, pokumba muchizula. Mwazula chikhomo, mwazula ndi muyeso womwe. Ndiye mukafunsa ndani?"

Zingwe zoterezi amazimasula pokumba, n'kuzibwezera poimika mtengo, ngodya n'kupezeka pomwe inali dzulo. Atatha anatambasula tepi kuchoka pangodya imodzi kudutsa pakati mpaka pangodya yoyang'anizana nayo. Tepi inawerenga mamita 5 ndi kanthu. Anazula chikhomo chimodzi, n'kuchisuntha zala ziwiri, n'kuyezanso: mamita 5 ndendende. Anayezanso mbali inayo, chimodzimodzi. Ine amene ndinalimbana ndi Pythagoras pa bolodi ku sekondale ndinali ndisanaganizepo zoti 3, 4 ndi 5 uja angandithandize kuseri kwa nyumba yanga. Madala dzina la Mgiriki uja saalidziwa, ndipo sindinaone chifukwa chowavutitsira nalo. Iwo amangodziwa kuti nyumba ikapotoka pansi, malata ndiwo amakaulula pamwamba: mzere wake umatuluka ngati mano a sowo.

Kenako anapempha phulusa la pa mbaula, n'kujambula timizere tozungulira 6, kalikonse kukula ngati mbale yodyera nsima. Anapalapala mkati mwake pang'ono kuti pakhale kabeseni, mdzukulu n'kuthiramo madzi mpaka kudzaza. Atamwera, anathiranso. Ntchito ya tsikulo inathera pomwepo, ndipo anandiuza kuti ndisanagone ndithirenso kachitatu.

Anabwera m'mawa kusanatenthe. Chitsulo chawo ndinachiona bwino tsopano: chachitali kufika pachifuwa, kunsonga atasulirako lilime lophwatalala ngati zala zitatu, lochokera ku sipuling'i ya galimoto yakutha. Chogwirira chake chinali chosalala, chonyezimira chifukwa cha manja. Khasu langa ndi fosholo zimene ndinawaikira pafupi sanazikhudze n'komwe. Anagwada, miyendo atatangadza kabeseni kaja, n'kuyamba kudula m'mphepete mwa mzere wa phulusa, chitsulo chili chilili, kuzungulira mpaka kubwerera pomwe anayambira. Akatero amabaya pakati, n'kupotoza, dothi n'kugamuka. Sankamenya ndi mphamvu ayi. Ankakweza chitsulo n'kuchisiya chigwe ndi kulemera kwake, manja akungochilondolera. Munthu woonera patali akanati akusinja chimanga mwaulesi. Dothi ankalitulutsa ndi kambale kakutha ka chitsulo, n'kuliunjika pa thumba limene anayala pambali, kuti lisasakanikirane ndi zinyalala. Lapamwamba lakuda lija, la mizu ndi udzu, analitaya kudimba la masamba. Lofiira la pansi ndilo analisunga.

Chimene chinandigwira mtima ndi kuchepa kwa dzenjelo. Pakamwa pake panali poti polo lilowe n'kutsala mpata wa zala zitatu kuzungulira, basi, ndipo makoma ake anatsika molunjika ngati mkati mwa mtondo watsopano. Maenje anga akale anali okumba ndi khasu, otambalala pamwamba, osongoka pansi, ngati nkhali. Khasu silingachitire mwina, chifukwa kuti lifike pansi liyenera kudzigumulira njira. Koma dothi lililonse limene wagumula lasanduka lofewa, ndipo ngakhale ulibwezere mosamala silifanana ndi lija lakhala likutsendereka lokha zaka zosawerengeka. Chimene chimagwira mtengo ndi khoma limene sunalikhudze. Mmisiri wa dzenje luso lake lili pa kudziletsa: kuchotsa dothi lokhalo loyenera kuchoka, lotsalalo n'kulisiya mmene analipezera.

Dzenje likamazama, kambale kaja kamaleka kufika munthu ali chogwada. Apa madala anagona chafufumimba, tsaya lili pa dothi, dzanja lonse lili m'dzenje, maso akuyang'ana kumbali ngati munthu wofufuza mbewa kuuna. Ankatulutsa dothi pang'onopang'ono, ndipo phewa litagunda pakamwa pa dzenje anadzuka n'kudzisasa.

"Lakwana. Dzenje la nsanamira ndi mpaka m'khwapa. La m'chigongono ndi la tomato."

Ndinalowetsamo tepi mwakabisira: masentimita 70. Mabuku a zomangamanga amati gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mtengo lizilowa pansi, ndipo pa polo la mamita 3, mkono wa madala sunaphonye patali. Kumayiko ozizira ngati Canada amakumba kupitirira pamenepa, kwina kuposa mita yathunthu, chifukwa nthaka ikaundana m'nyengo yachisanu imatukumuka n'kukankhira nsanamira m'mwamba. Ife vuto limenelo tilibe. Adani athu ndi madzi, chiswe ndi mphepo, komanso ganyu wolipira pa dzenje. Ukamuuza mnyamata kuti dzenje lililonse ndi ndalama zakuti, usadabwe maenje onse akathera m'chigongono. Madala anatchula mtengo wa ntchito yonse, ndipo palibe dzenje limene analithamangira.

Pa dzenje lachinayi chitsulo chinagunda chinthu cholimba. Anachizungulira, n'kuchitukula mothandizana ndi mdzukulu, ndipo chitatuluka ndinachizindikira ndi manyazi: chibuma cha konkire chimene ndinathira ndekha pa chisakasa chakale. Madala anachigubuduza, n'kuchiimika, n'kundiitana. Pakati pake panali chibowo momwe munali mtengo, ndipo m'chibowomo munali chitsa chakuda chofumbutuka. Anachitosa ndi chala, chala n'kulowa.

"Simenti yanu ili bwinobwino, achimwene. Onani, ilibe ndi mng'alu womwe. Mtengo ndiwo unapita."

Anafotokoza akuloza. Ndinathira konkire pansi pa dzenje, n'kuimikapo mtengo, n'kuthiranso m'mbali. Ndiye kuti ndinaumba chikho. Polo la bulugama likamauma limachepa, ndipo pakati pa mtengo ndi simenti pamatseguka kampata kopyapyala. Mvula ikagwa, madzi amatsetsereka ndi mtengo, n'kulowa m'kampatako, n'kusowa kotulukira. Tsinde limakhala m'madzi dzinja lonse. Chikhalirecho ndinkayesa kuti ndalimbitsa. Sikuti madala amadana ndi simenti. Anati pa nsanamira yachitsulo, pa mtengo wonyamula geti, kapena mumchenga ngati wa kunyanja momwe dzenje limagumuka uli mkati mokumba, konkire ndi yofunika, koma izikhala ngati mkanda wozungulira mtengo, pansi pali poyera kuti madzi azidutsa. Pa katondo wathuyu anati thumba la simenti lija ndilisungire pansi pa khitchini. M'makande a kudambo ndi a kuchigwa cha Shire, omwe amang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, anati nkhani yake ndi ina: kumeneko umakumba mozama ndithu, ndipo dothi lotulukamo sulibwezera, umafuna lamiyalamiyala.

Mapolo anga nawo sanawakondweretse. Ndinawagula m'mbali mwa msewu ali ndi makungwa, n'kuwasiya pansi milungu ingapo. Anawasenda onse ndi chikwanje, chifukwa pansi pa khungwa ndi pomwe tizilombo tofumbwa mitengo timabisala, ndiponso khungwa likawolera m'dzenje limasiya mpata, mtengo n'kuyamba kugwedera. Atatero anakoleza moto wa zitsononkho ndi mapesi, n'kumawaula tsinde la polo lililonse akulitembenuza, mpaka kunja kutada bii koma mkati musanapse. Sanalekeze pa masentimita 70. Anawaula kupitirira ndi chikhatho chimodzi, poti mtengo suwolera pansi penipeni pomwe mpweya sufika, kapena m'mwamba momwe mumauma. Umawolera pakhosi, pomwe dothi lathera, pamene chinyezi ndi mpweya zimakumana. Aliyense amene anaonapo mpanda wakugwa akudziwa kuti mitengo yake imathyokera pamenepo, ngati yadulidwa ndi mpeni. Anafunsanso ngati ndili ndi oyilo wakuda wa galimoto woti apake. Ambiri amatero, koma ine ndinakana chifukwa chitsime chathu chili pafupi, ndipo iwo sanaumirire.

Kuwaula kumangochedwetsa, ndipo madala sanandinamize. "Bulugama ndi mlendo. Mukamusamala, zaka 5 kapena 6. Mukafuna zambiri, mugule othira mankhwala." Ankanena mapolo onga a magetsi a ESCOM, akuda onunkha phula, kapena obiriwira aja. Oterowo mankhwala amalowa m'nyama yakunja ya mtengo, choncho ukadula, mbali yodulayo iziyang'ana kumwamba, yosadula ndiyo ilowe pansi. Zidutswa zake si nkhuni: mankhwala obiriwirawo ali ndi poizoni wa arsenic, ndipo utsi ndi phulusa lake si zoyandikiza ku mphika.

Ndi pa moto paja pomwe anayamba kukamba za mitengo, ndipo mawu awo anasintha. Bulugama anachokera ku Australia, malaina ku Asia. Mitengo ya nsanamira imene iwo anaidziwa ali mwana inali muwanga, umene mtima wake chiswe chimaulawa n'kubwerera, ndi tsanya wa kumalo otentha ngati ku Liwonde ndi kuchigwa cha Shire, wolemera ngati chitsulo, wobunthitsa nkhwangwa. Anati khola la ng'ombe la bambo awo linali la muwanga, ndipo ng'ombe zitatha, khola litaphwasuka, mitengo ija inazulidwa n'kukaimikanso nkhokwe. Anatchula mlombwa, umene ukauzika uli wauwisi nthawi zina umaphuka, nsichi ya mpanda n'kusanduka mtengo wamthunzi. Anatchula mkungudza wa ku Mulanje, wonunkhira, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984 ndipo lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Luzi lomangira linkachokera ku mombo. Masiku ano mitengo yachilengedwe ili pansi pa lamulo la nkhalango la 1997, ndipo ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, pafupi ndi tauni ukaipeza kuti?

"Ina tinamaliza ndife," anatero akutembenuza polo pamoto. "Chigafa chimodzi chimadya mphanda zingati? Ndiye esiteti yonse? Makala anangobwera kudzakunkha."

Kuimika kunayamba ndi mitengo ya m'ngodya. Pansi pa dzenje lililonse anaponyamo mwala wophwatalala ndi timiyala todzaza manja, n'kutsindira, kuti mtengo usakhale pamatope ndiponso usamire denga likaulemera. Polo limalowa tsinde pansi, mmene linamerera. Asanalitsitse ankaligoneka paphewa la mdzukulu n'kuliyang'ana kuchokera kunsonga ndi diso limodzi, akulitembenuza pang'onopang'ono. Palibe polo lowongoka kotheratu. Lililonse lili ndi kamimba kake, ndipo ntchito ya mmisiri ndi kusankha kumene kamimbako kayang'ane. Iwo ankakalozetsa motsata khoma, kuti mbali yoyang'ana kunja ikhale yowongoka. Polo lina lokhota kwambiri analisiyira kumbuyo, kumpanda, komwe kuli kofupika ndipo nsonga yake idulidwa.

Levulo analibe. Anali ndi nati yaikulu ya galimoto yomangirira ku twaini. Mdzukulu atagwira mtengo, madala ankaima patali masitepe angapo, n'kukweza twaini uja patsogolo pa nkhope, n'kumayerekeza mtengo ndi chingwe.

"Kankhira kwa aneba. Pang'ono. Wapitirira, iwe. Bweza. Gwira pomwepo, usapume."

Akatero ankasuntha n'kukaima mbali ina, kupanga ngodya ndi pomwe anaima poyamba, n'kuyambiranso. Mtengo umatha kuoneka woongoka ukauonera kum'mawa, chikhalirecho wagonera kumadzulo. Diso la mbali imodzi limanama. Ine pa chisakasa chakale ndinayang'ana kamodzi, ndili pakhomo la nyumba, kapu ya tiyi ili m'manja.

Tsopano kutsindira. Apa ndi pomwe ndinakhala pansi pa njerwa n'kuleka kufunsa mafunso. Dothi lofiira lija anayamba aliwaza madzi n'kulisakaniza, kenako anatapa lodzaza dzanja n'kulifumbata. Atatambasula chikhatho, linakhala chibuma chokhala ndi zidindo za zala, koma dzanja silinanyowe. Louma kwambiri silimangana, limangothawa ndodo. Lonyowa kwambiri limasanduka phala, ndipo likadzauma limachepa n'kusiya mtengo. Ndodo yawo yotsindirira inali ya mtengo wouma wolemera, yonenepa ngati mpini wa khasu, yoti ilowe bwino mumpata wa zala zitatu uja. Anathira dothi la manja awiri okha, n'kuyamba kusinja kuzungulira mtengo. Poyamba inkamveka phu, phu, phu. Pang'ono ndi pang'ono kulira kunasintha, n'kukhala di, di, di, ndodo n'kuyamba kudumpha yokha kubwerera m'manja. Atamva zimenezo ndi pomwe anathira manja ena awiri.

Dzenje limodzi linawatengera nthawi yaitali kukwirira kuposa kukumba. Pansi penipeni ndi pomwe anachedwapo kwambiri, chonsecho ndi pomwe palibe amene adzapaone. Chifukwa chake ndi chakuti mtengo woimika uli ngati mpini: ukaukankha kunsonga, pakhosi umatsamira mbali imodzi ya dzenje, tsinde n'kumenya mbali inayo. Tsinde likapeza dothi lofewa, limasuntha, ndipo ngakhale pamwamba utatsindira motani, mtengowo wayamba kale ulendo. Munthu waulesi amakankhira dothi lonse m'dzenje ndi phazi, n'kupondaponda pamwamba. Tsiku limenelo mtengo umaima nji. Mvula yoyamba ikalowa, dothi la mkati limatitimira, ndipo ndi mmene chisakasa chimayambira kumvetsera za kwa aneba. Madala, atafika chapakati, anayang'ananso ndi nati ija mbali zonse ziwiri, poti kusinja kumakankha mtengo mosaonekera. Pomwe unapendekera ankatsindira kwambiri mbali imeneyo, mtengo n'kubwerera wokha osaukhudza. Chapakhosi anakhomerera miyala itatu yosongoka kuzungulira, n'kuikwirira.

Ali ndi lamulo lawo: dothi lofiira lotuluka m'dzenje libwerere lonse. Mwa masamu siziyenera kutheka, popeza mtengo walanda malo. Koma pa thumba paja panatsala lochepa zedi, longokwanira kuumba kachulu kozungulira khosi la mtengo, kotsetsereka kuti madzi azithawira kunja. Anakasalaza ndi chikhatho ngati mayi akuzira nyumba. Ndinakumbuka mulu wa dothi umene unatsala nditamanga ine, ndi mmene ndinautayira ndi wilibala ndikudziyamikira.

Zinyalala za mtengo sanalole kuti zigweremo. Mdzukulu atakankhira kachidutswa ka khungwa m'dzenje ndi phazi, anamuuza kuti akatulutse ndi dzanja. "Ukuitanira alendo ndiwo." Chiswe chimayenda pansi kufunafuna chouma, ndipo kachidutswa kamodzi kokwiririka n'kokwanira kuchilozera njira.

Mitengo inayi ya m'ngodya itaima, anamanga chingwe kuchokera ku umodzi kufika ku unzake, chapansi ndi chapamwamba, kuti apezere malo iwiri ya pakati. Apanso panali kanthu kakang'ono kamene ndikanakaphonya. Mtengo wa pakati sankaugunditsa chingwe. Ankasiya mpata woti n'kudutsa tsamba, chifukwa mtengo ukangokhudza chingwe umachikankha, ndipo chingwe chokankhidwa chimavomereza bodza lililonse.

Misinkhu anaipeza ndi kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi. Mdzukulu anagwira nsonga imodzi pa mtengo woyamba, iwo inayo pa mtengo wina, ndipo pomwe madzi aima mbali zonse ziwiri ankalemba ndi khala. Pabwalo pathu ndi potsetsereka pang'ono, choncho kuyeza kuchokera pansi kukanawasokeretsa. Kuchokera pa zizindikirozo anayeza chokwera, kutsogolo kutalika, kumbuyo kufupika ndi masentimita 30 kuti mvula izitsikira kumpanda, n'kudula nsonga ndi sowo. Anati bulugama amachititsa anthu ulesi, chifukwa ukalakwitsa umakonzera kumwamba. Pa zigafa ankaimika mphanda, ndipo mphanda sungaidule kumutu, poti mutuwo ndiwo ntchito yake. Ikatalika umaizula n'kukumbanso. Ikafupika umaizula n'kuikamo mwala. Mzere wonse, mphanda makumi angapo, makamwa ake ayenera kukhala pa msinkhu umodzi ndi kuyang'ana kumodzi kuti mtanda ugone mwa onse. Munthu amene anaphunzira motero amauona msinkhu dzenje lisanathe, ndipo n'zoonadi kuti zimene anadula pa mitengo itatu ya kutsogolo zinali tizidutswa tosakwana chikhatho.

Popeza bulugama alibe mphanda, anamupangira. Kunsonga kwa polo lililonse anasemako kampando, kuti mtanda ukhale pa mtengo, osati kulendewera pa msomali. Asanakhome anazengereza waya kawiri pansi pa kampandoko n'kumupota ndi pulayala, chifukwa bulugama amang'ambika kunsonga akamauma, ndipo msomali umangomuthandiza. Msomali womwewo ankayamba aubunthitsa nsonga ndi hamala. Wosongoka umalowa ngati nkhwangwa n'kung'amba mtengo, wobuntha umadzibowolera njira. Kenako anadutsitsa waya wina pamwamba pa mtanda n'kumumangirira ku nsanamira.

Waya ameneyu ndinkamuona ngati wongowonjezera mpaka atandifunsa funso. "Mukuganiza kuti mitengoyi ntchito yake n'kunyamula denga?" Ndinati inde. Anapukusa mutu. Malata ndi opepuka, mwana akhoza kunyamula limodzi. Chisakasa chopanda makoma mphepo imalowa pansi pake n'kukankhira denga m'mwamba, ndipo chaka chilichonse mvula yoyamba ikamabwera ndi mkuntho timamva pa wailesi za masukulu ndi matchalitchi osasuka madenga. Nthawi imeneyo nsanamira imakhala ikukokedwa, ikuzulidwa ngati chinangwa. N'chifukwa chake tsinde lonenepa limakhala pansi, kuti pokwera likakamire dothi lotsindira lija. N'chifukwa chakenso ndinawaona akukhoma misomali iwiri ikuluikulu chopingasa kutsinde kwa polo lililonse asanalitsitse, mitu ili kunja ngati minga. Denga la udzu la makolo linkalemera, ndipo mutu umodzi sunkalisenzadi. La malata limafuna wolikoka mwendo.

Tsiku lachitatu madzulo mitengo yonse inali itaima, mitanda itagona. Anandiuza kuti ndisankhe uliwonse ndiugwedeze. Ndinaukumbatira wa pangodya n'kuukankha ndi phewa. Zinali ngati ndikukankha mtengo wamoyo wa mizu yake. Kugwedezeka kunamveka kunsonga kokha, pansi pali zii. Za malata anati ndiitane kalipentala aliyense, imeneyo si ntchito yovuta, ndipo anamangirira chitsulo chawo pa njinga.

Mvula yeniyeni inagwa kumapeto kwa Novembala, usiku, ndi mphepo imene inagwetsa nthambi ya mango kwa aneba. M'mawa mwake ndikumwa tiyi ndinamva belu la njinga kugeti. Sindinawaitane, ndipo ndalama zawo ndinali nditawapatsa zonse. Analonjera, n'kupita molunjika kuseri, ndodo yotsindirira ili m'manja. Anazungulira mitengo yonse akuponda pakhosi ndi chidendene. Pa iwiri ya kumbuyo, komwe madzi a padenga amagwera, kachulu kaja kanali katakokoloka pang'ono. Anatapa katondo wonyowa, n'kuthirapo, n'kutsindira, n'kusalaza, ndipo anandiuza kuti ndiyale miyala m'munsi mwa malata kuti madontho asamakumbe. Pa mtengo wa kumpanda, wokhota uja, anagwada n'kuyang'anitsitsa. Panali kamzere kofiira ka dothi, kopyapyala ngati ulusi, kokwera kuchoka pansi mpaka pomwe kuwaula kunathera. Anakakanda ndi chikhadabo, timitu toyera n'kubalalika.

"Afika kale kudzaona malo," anatero osatembenuka. "Amayi aphika kale? Tapempheniko phulusa lotentha."